Za Umoyo Wathu: Ndi Mphwayi Kodi, Kapena ndi ADHD?

Tafikanso m'nyengo ija imene dzuwa la ku Tete silichitira munthu chisoni, pamene ngakhale mbuzi zimakanirira pamthunzi mpaka madzulo. Mwezi watha tidakambirana za kuthamanga kwa magazi, nthenda imene kachipangizo ka kuchipatala kamaionetsa m'mphindi ziwiri zokha. Lero tikambirane za vuto limene lilibe chipangizo choliyezera. Chifukwa cha ichi, ambiri amene ali nalo amakalamba akutchedwa maina oipa, ndipo iwo eni amafika powavomereza mainawo.

Ndiyambe ndi nkhani ya banja lina la ku Matundo. Eni ake adandilola kuifotokoza, bola ndisatchule maina. Mwamunayo ndi mmisiri wa matabwa, wa zaka za m'ma 40, wochokera ku Angónia. Aliyense amene adaonapo chitseko chopangidwa ndi manja ake amavomereza kuti luso ali nalo. Koma mukalowa m'shedi yake mupezamo zitseko zosamaliza, mipando yopanda mwendo umodzi ndi kabati yongodikira zogwirira, pamene eni katunduyo adalipira kale theka la ndalama. Iye sathawa munthu, sakananso ngongole. Amangoti mawa, ndipo ponena mawayo amakhala akunena zoona za mumtima mwake.

Kunyumba nako n'chimodzimodzi. Akamtuma kukagula magetsi a Credelec, amabwerako ndi wailesi yakale imene waipeza motchipa ku msika wa Kwachena, magetsi osagula. Chiphaso chake cha BI adachitaya katatu.

Zidafika poipa pamene a mlaga wao adamsankha kuti azisunga ndalama za chipepeso. Tsiku lina envelopu ya namfedwa wina idasowa. Akulu a mpingo atamuitana, adalephera kufotokoza kumene adaiika. Adagulitsa makina ake opalira matabwa n'kubweza ndalamazo, koma mbiri idali itawanda kale yakuti wadya ndalama za maliro. Mkazi wake adapita kwa nkhoswe yake misozi ili m'maso. "Malume," adatero, "bambo a kunyumbawa samwa, samenya, sayendayenda. Koma ine ndatopa. Ndidabereka ana anayi, koma ndikulera asanu."

Patapita miyezi isanu, envelopu ija idapezeka pansi pa misomali m'bokosi la zipangizo, yomata monga momwe adailandirira.

Amene adatsegula maso a banjali ndi mwana wao wachiwiri. Aphunzitsi adaitana makolo n'kuwauza kuti mnyamatayo sakhala pansi, samaliza zolemba, ndipo makope amataya sabata ndi sabata. Agogo ake, amene adabwera kudzacheza kuchokera kumudzi, atamva adangoseka. "Mukudabwa chiyani, apongozi? Ameneyu ndi atate ake enieni. Ine ndidavutika naye chomwechi." Atapita naye kuchipatala, wa zaumoyo adaona kuti bamboyo akuyankha mafunso a mwana ngati akunena za iye mwini. Apa ndi pamene adayamba kumva dzina lakuti ADHD.

Dzinali ndi mbiri yake

ADHD ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za vuto la kulephera kusunga chidwi pamodzi ndi kutakataka kopyola muyeso. A zaumoyo olankhula Chipwitikizi amalitcha PHDA, ndipo ena amati TDAH monga amanenera ku Brazil. Ife pakati pathu timangoti mwana wosamva, wojijirika, wa phuma. Akakula timati waulesi kapena wa mphwayi.

Ena amaganiza kuti vutoli labwera ndi mafoni, koma ndi lakale ndithu. M'chaka cha 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, adalemba za anthu amene amalephera kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi, nati ena amabadwa nako kulepheraku. Mu 1902 George Still, dokotala wa ana wa ku London, adafotokoza za ana anzeru zao ndithu koma olephera kudzigwira. Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti mwana akakula zimatha zokha. Pambuyo pake kudadziwika kuti ambiri amakula nazo, kungoti maonekedwe ake amasintha. Mu 2013 buku la madokotala a maganizo la ku America, lotchedwa DSM-5, lidakonza miyeso yake kuti iyenerenso anthu akuluakulu, ndipo mndandanda wa matenda wa bungwe la WHO umene udayamba kugwira ntchito mu 2022 ulinso ndi dzina la ADHD.

Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli, ndipo pakati pa akulu ndi awiri kapena atatu mwa 100. Tikatengera chiwerengero chimenechi, mumpingo wa anthu akuluakulu 400 mungakhale anthu ngati 10 otere. Ena a iwo timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu lililonse.

Chimachitika n'chiyani m'mutu mwa munthu wotere? Mbali yakutsogolo ya ubongo imagwira ntchito ngati kapitao pa ntchito yomanga. Ndiyo imanena choyamba kuchita, imakumbutsa chotsatira, imaletsa munthu kusiya khoma ili n'kuthamangira lina. Pa ntchitoyi ubongo umadalira timadzi tonyamula mauthenga totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Mwa munthu wa ADHD amisiri onse alipo ndipo luso ali nalo, koma kapitaoyo amagwira ntchito modukiza. N'chifukwa chake munthuyo amadziwa bwino chimene ayenera kuchita, koma amalephera kuchichita pa nthawi yake.

Gulu loyamba la zizindikiro: chidwi chosakhalitsa

Madokotala amagawa zizindikiro m'magulu awiri, lililonse la zizindikiro 9. Nazi za gulu loyamba monga zimaonekera mwa wamkulu.

1. Kulakwitsa tinthu tating'ono pa ntchito imene amaidziwa bwino, monga kulumpha mzere m'kaundula kapena kutumiza ndalama pa nambala yolakwika.

2. Kulephera kutsatira chinthu chachitali mpaka kumapeto. Ulaliki ukafika pakati, maganizo ake ali kale kumunda. Tsamba limodzi aliwerenga katatu osatolapo kanthu.

3. Kuoneka ngati sakumva pamene mukulankhula naye maso ndi maso. Agwedeza mutu, kenaka afunsa chomwe chija mwangomuuza.

4. Kuyamba ntchito ndi moto n'kuisiya itatsala pang'ono kutha.

5. Kusokonekera pa dongosolo ndi pa nthawi. Amachedwa paliponse, ngakhale kumene akukufuna ndi mtima wonse, chifukwa amaganiza kuti ntchito ya ola limodzi itenga mphindi khumi.

6. Kuzengereza pa ntchito zofuna kukhala pansi ndi kuganiza nthawi yaitali, monga kulemba mafomu, malipoti kapena kuwerengera ndalama.

7. Kutayataya zinthu zofunika: makiyi, foni, ziphaso, khadi la kuchipatala.

8. Kutengeka msanga ndi chilichonse chodutsa, kaya ndi phokoso la panja kaya ndi ganizo longobwera mumtima.

9. Kuiwala za tsiku ndi tsiku, monga mphika pamoto, tsiku lokaonana ndi dokotala kapena uthenga umene wapatsidwa.

Gulu lachiwiri: kusakhazikika ndi kupupuluma

Mwana wa ADHD amathamanga ndi kukwera m'mitengo. Wamkulu sachitanso zimenezo. Kutakatakako kumalowa m'kati, ndipo kumaoneka motere.

1. Kugwedeza mwendo, kuseweretsa cholembera, kutembenukatembenuka pampando.

2. Kudzuka pamene ena onse ali pansi, kutuluka pamsonkhano kawirikawiri.

3. Kumva kusakhazikika mumtima ngakhale thupi lili phee.

4. Kulephera kupuma mwakachetechete. Tsiku lopuma limamtopetsa kuposa la ntchito.

5. Kukhala ngati wina wamuyatsa injini, mpaka anzake amalephera kuyendera naye limodzi.

6. Kulankhula kwambiri osapatsa mpata ena.

7. Kuyankha funso lisanathe, kapena kumalizira anthu mawu ao.

8. Kulephera kudikira pamzere, kaya ndi kubanki, kuchigayo kapena pamene magalimoto athithikana pamlatho wa Samora Machel.

9. Kudula ena mawu ndi kulowerera zimene ena akuchita asanaitanidwe.

Munthu angathe kukhala ndi zizindikiro za gulu limodzi lokha, kapena za magulu onse awiri.

Pali zinanso ziwiri zimene zimasokoneza achibale. Choyamba, munthu yemweyo amene amalephera kumvetsera mphindi zisanu angathe kukhala maola anayi akukonza wailesi, osakumbuka n'kudya komwe. Apa mkazi amati, "Mwaona, akafuna amatha." Zoona zake n'zakuti chidwi cha munthuyu chimagwidwa ndi chinthu chatsopano, chosangalatsa kapena chadzidzidzi, ndipo iye alibe mphamvu yokwanira yochilozera kumene chikufunika. Chachiwiri ndi mtima wapachala. Ambiri amapsa mtima msanga, amalankhula mawu olasa, ndipo pakapita kanthawi iwo aiwala pamene winayo chilonda chidakali chachiwisi.

Tisaiwale amayi. Paubwana, anyamata ndiwo amazindikirika kwambiri chifukwa amasokoneza kalasi. Mtsikana wa ADHD kawirikawiri amakhala duu, maso ali pazenera, ndipo aphunzitsi amati ndi wofatsa koma wogona m'mutu. Vuto lake limadzaonekera akakwatiwa, pamene ana, khitchini, geni ndi ntchito za chigwirizano zonse zikuyang'ana iye. Mayi wotere amagwira ntchito tsiku lonse koma madzulo palibe chatha, ndipo amagona akudzida yekha.

Tonsefe timaiwala: kusiyana kuli pati?

Mwina powerenga mndandandawu mwadziona nokha pena ndi pena. Musadabwe, pakuti palibe munthu amene sadatayepo makiyi. Madokotala asanatchule dzina la ADHD amayamba afufuza zinthu zisanu.

Choyamba ndi kuchuluka ndi kukhalitsa kwa zizindikiro. Kwa munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo, pafunika zizindikiro zosachepera 5 za gulu limodzi, zochitika kawirikawiri kwa miyezi yosachepera 6.

Chachiwiri ndi chiyambi chake. Zina mwa zizindikirozo ziyenera kukhala kuti zidalipo munthuyo asanakwane zaka 12. ADHD siyamba munthu ali ndi zaka 35.

Chachitatu ndi malo. Vutoli limamtsata munthu kulikonse: kunyumba, kuntchito, pakati pa anzake. Amene amaiwala za kunyumba zokha pamene kuntchito zonse zili m'malo mwake, vuto lake lili pena.

Chachinayi ndi kuonongeka kwa zinthu. Payenera kukhala umboni wakuti zizindikirozo zikumtayitsa kanthu, monga ntchito, maphunziro, ndalama kapena mtendere wa pabanja.

Chachisanu ndi kutsimikiza kuti palibe nthenda ina imene ikufotokoza bwino zonsezi.

Ndionjezepo chimene achibale angathe kuona okha. Waulesi akazemba ntchito mtima wake umakhala m'malo. Wa ADHD amayesa, amalonjeza, amagula kope latsopano lolembamo ndondomeko, amalephera, amachita manyazi, n'kuyambiranso. Mukaona munthu amene akuvutika ndi kulephera kwake kuposa mmene inu mukuvutikira nako, dekhani musanamutche dzina. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za chiyambi cha paubwana, ife a chigawo cha Tete tili ndi vuto lathu. Ambiri amene lero ali ndi zaka 40 kapena 50 adakula m'nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992. Ena ubwana wao adathera kothawira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza m'dziko la Malawi, sukulu yodukizadukiza, ndipo alibe pepala lililonse la aphunzitsi losonyeza mmene ankachitira m'kalasi. Kaundula wao ndi anthu amene adawalera. Funsani amayi, azakhali, amalume kapena achimwene aakulu: kodi ndinkatumika bwanji? Kodi mbuzi zinkalowa m'minda ya eni ine ndikubusa? Kodi ndinkakhala pansi pamene akulu akulankhula? Funsani adakali moyo.

Zina zofanana ndi ADHD

Kusowa tulo kumabweretsa kuiwala ndi kupsa mtima. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumapyola madigiri 40, ambiri sagona mokwanira. Chimodzimodzinso amene amagwira ntchito usiku ku migodi ya malasha ku Moatize ndi madalaivala a maulendo ataliatali. Nkhawa yosatha ndi matenda a kukhumudwa zimalanda munthu chidwi. Mabala a mumtima otsalira ku zoopsa zimene munthu adaona, monga za nkhondo ija, amachititsa munthu kukhala wodzidzimukadzidzimuka ndi wosakhazikika. Palinso mowa ndi chamba, kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro, khunyu, kusamva bwino kwa makutu, HIV ikafika mu ubongo, ndiponso kusintha kwa thupi la mayi akamasiya kusamba.

Lamulo loti mugwire ndi ili: ngati munthu adali wadongosolo moyo wake wonse ndipo kuiwala kwayamba chaka chatha kapena mwezi watha, imeneyo si ADHD. Mtengereni kuchipatala msanga, pakuti pangakhale nthenda ina yofuna chithandizo chachangu.

Gwero lake

Gwero lalikulu ndi kumtundu. Kafukufuku wa pa ana amapasa amaonetsa kuti magawo oposa 70 mwa 100 a kusiyana kwa anthu pa vutoli amachokera ku chibadwa chotengera kwa makolo. Agogo aja a ku Angónia adanena zoona. N'chifukwa chake makolo ambiri amadzizindikira okha pa tsiku limene aperekeza mwana kuchipatala.

Palinso zina zimene zimaonjezera chiopsezo: kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika kwambiri, kuvulala m'mutu, ndiponso chiphe cha mtovu, monga chimene chidatsalira m'dothi la ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi utatsekedwa. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene adafalitsidwa mu 2010, adapeza kuti ena mwa ana opulumuka malungo a mu ubongo adadzayamba khunyu kapena mavuto a khalidwe pambuyo pake. Ichi ndi chifukwa chinanso chogonekera ana m'masikito.

ADHD sibwera chifukwa cha shuga, kapena chifukwa chakuti makolo adalephera kulanga mwana. Si kulodzedwa, si chiwanda, ndipo si chizindikiro cha chikhulupiriro chofooka. Mkhristu wa maso ofooka timamupempherera ndipo timamuuzanso kukayezetsa magalasi. Tichite chimodzimodzi ndi mbale uyu.

Chifukwa chake tisaichepetse

Wina angati, "Kuiwala makiyi n'kuphanso munthu?" Ku Denmark akatswiri adatsatira kaundula wa anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo mu 2015 adalengeza kuti anthu a ADHD adali pa chiopsezo choposa kawiri cha kufa msanga poyerekeza ndi anzao, makamaka chifukwa cha ngozi. Taganizirani zimenezi mumzinda wathu uno, mmene mumadutsa magalimoto akuluakulu opita ku Zóbuè ndi ku Cuchamano, ndipo anyamata ambiri amapezera chakudya pa njinga zamoto ndi pa txopela. Dalaivala amene maso amachoka pamsewu kamphindi, kapena amene sapirira kukhala kumbuyo kwa lole, amaika pangozi moyo wake ndi wa amene wawanyamula.

Anthu a ADHD amagweranso kawirikawiri m'mowa, m'nkhawa ndi m'matenda a kukhumudwa. Munthu amene wauzidwa kuyambira ali mwana kuti ndi wachabechabe amafika pokhulupirira, ndipo ena amafuna chitonthozo m'botolo.

Kumene tingapite

Yambirani pa chipatala cha m'dera lanu, ndipo pemphani kuonana ndi a gawo la saúde mental. M'dziko lathu la Mozambique ntchito yaikulu ya gawoli imagwiridwa ndi a técnico de psiquiatria, amene boma lidayamba kuwaphunzitsa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala a maganizo. Pakafunika, iwo angakutumizeni ku Hospital Provincial de Tete. Musaope kuti anthu akuonani pakhomo limenelo n'kumati mwapenga. Khomolo ndi la aliyense amene maganizo akumsautsa, monga khomo la mano lili la aliyense amene dzino likumpweteka.

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa ADHD. Wa zaumoyo amadalira mbiri ya moyo wanu. Choncho pitani ndi munthu wokudziwani bwino, makamaka mnzanu wa pabanja kapena mbale amene adakuonani mukukula. Musananyamuke lembani zitsanzo zenizeni: ntchito zingati zimene mudasiya, mudataya chiyani, mudachitapo ngozi kangati. Nenaninso zoona za mowa ndi za tulo. Bungwe la WHO lili ndi mafunso 18 a anthu akuluakulu otchedwa ASRS, amene adafalitsidwa mu 2005, ndipo 6 oyambirira ndiwo amagwiritsidwa ntchito posefa. Mafunsowa amangosonyeza ngati kuli koyenera kufufuza mozama, sapereka chigamulo.

Mankhwala alipo, monga methylphenidate ndi atomoxetine. Sachotsa vutoli, koma ambiri amawathandiza pa nthawi imene akuwamwa. Amalembedwa ndi dokotala yekha, atayamba wayeza mtima ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa angathe kukweza zonse ziwiri. Musamwe a mnzanu kapena a mwana wanu, ndipo musagule mapiritsi kwa ogulitsa m'misika. Safunsa adadya phula.

Zimene banja ndi mpingo zingachite

Kaya mankhwala apezeka kaya ayi, pali zambiri zothandiza, ndipo zonse zagona pa mfundo imodzi: chimene mutu ukulephera kusunga, chisungidwe panja pa mutu. Makiyi, foni ndi ziphaso zikhale ndi malo amodzi pafupi ndi chitseko. Pakhale kope limodzi lokha lolembamo zonse, ndipo belu la pafoni lizikumbutsa nthawi. Ntchito yaikulu igawidwe m'tizigawo totha m'mphindi 20 kapena 30. Ambiri amagwira bwino ntchito pakakhala munthu wina pambali, ngakhale winayo akuchita zake. Kugona pa nthawi imodzimodzi ndi kuyenda ndawala m'mamawa kusanatenthe kumathandizanso.

Inu a pabanja, mukafuna kunena chinthu chofunika, yambani mwamutchula, dikirani akuyang'aneni, nenani chinthu chimodzi, ndipo iye abwereze. Gwirizanani za ndalama pa nthawi ya mtendere, kuti za lendi ndi za sukulu zizichotsedwa tsiku lomwe zalandiridwa. Mutu umodzi susenza denga.

Ife a mumpingo tiyang'ane bwino pogawa maudindo. Mbale wotere angathe kukhala woyamba kufika pamaliro, wolimbika pomanga tchalitchi, wokondedwa ndi ana a Sande sukulu, koma ulembi kapena kusunga chuma kungamugwetse m'manyazi. Ndalama za mpingo ziziwerengedwa ndi anthu awiri ndi kulembedwa pomwepo. Dongosolo limeneli limateteza wina aliyense.

Kwa inu amene mwadziona m'nkhaniyi, mawu anga ndi awa. Dzina la ADHD limafotokoza gwero la vuto, koma silifafaniza ngongole. Chitseko cha mwini chiyenera kumalizidwa, ndipo amene mwamulasa ndi mawu ayenera kupepesedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mukudziwa mdani amene mukulimbana naye, ndipo simulimbana naye ndi malonjezo okha.

Mmisiri uja wa ku Matundo lero ali ndi bolodi pakhoma la shedi yake. Amalembapo ndi choko ntchito zitatu zokha, ndipo salandira yachinayi imodzi isanafufutidwe. Ndalama zoyambira ntchito amasunga ndi mkazi wake. Mphwake amene akuphunzira umisiri ndiye amamukumbutsa tsiku lolonjeza. Amaiwalabe, ndipo masiku ena m'nyumbamo mawu amakwera. Makina opalira matabwa aja sadawaombolebe. Envelopu itapezeka, akulu a mpingo adalengeza pamsonkhano wa mlaga, ndipo ena amene adamunena adapita kukapepesa. Pepani sapoletsa chilonda, komabe mayi uja adandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo mwamuna wake adabwereranso pa benchi yake yakutsogolo, imene adaithawa miyezi isanu.

Musanatche munthu waulesi, funsani mafunso atatu: adayamba liti, zimachitika kuti ndi kuti, ndipo iye mwini zikumupweteka motani? Mayankho ake akakuonetsani njira ya kuchipatala, mperekezeni.

Mwezi wamawa, mvula ikamayandikira, tidzakambirana za madzi akumwa ndi matenda otsegula m'mimba. Ambuye akusungeni nonse ndi mabanja anu.